Mtanda Umene Tinaunyika m'Ndowa

Amuna anga ndi mphunzitsi wa kemisitiri pa sekondale ina ku Old Town, mumzinda wa Lilongwe. Ndi a kumpoto, mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo ali ndi nthenda imodzi imene ndalephera kuwachiritsa: akaona chinthu, amafuna achifotokoze. Mkaka ukasasa, afotokoze. Poto akada, afotokoze. Chaka chilichonse ikafika nthawi yophunzitsa ana a Fomu 4 phunziro limene iwo amalitcha elekitirolisisi, ife a m'nyumba ndi amene timayamba kulimva, chifukwa amayesera pa ife tili pa tebulo.

Choncho phunzirolo ndinalidziwa mosafuna. Umatenga madzi osungunuliramo mchere wina wake, n'kuviikamo zitsulo ziwiri zosakhudzana. China umachimangirira ku waya wofiira, china ku waya wakuda, n'kuyatsa magetsi. Magetsi aja amadutsa m'madzimo n'kuyamba kulekanitsa zinthu zimene zinagwirana. Chitsulo cha ku waya wofiira chimadyeka, cha ku waya wakuda chimatulutsa tithovu. Akafika pamenepa amakweza mawu ngati aima pa guwa: umu ndi mmene amayengera mkuwa ku Zambia kuti ukhale waya wa magetsi, ndi mmene amapezera aluminiyamu wa mapoto athuwa, ndi mmene amakutira masipuni kuti aziwala, ndi mmene mchere wamba umatulutsira mankhwala ophera tizilombo m'madzi a pa mpopi. Ine ndinkangoti, "Tamva aphunzitsi, ndiwo zikuzizira." Sindinaganizepo kuti phunziro limeneli lidzafika pa amayi anga.

Ine kwathu ndi konkuno, mudzi wina ukangotuluka m'tauni cha ku njira ya ku Mchinji. Amayi ankalima masamba kudimba n'kumadzagulitsa mumsika waukulu ku Old Town. Sanali munthu wa mawu ambiri. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi ulendo wa kutchalitchi. Ndinali ndi nsapato zimodzi zokha, ndipo sankalola kuti ndizivale m'njira, ati zitha msanga. Ankazikulunga m'chitenje n'kuzipanira m'khwapa, ine n'kumayenda patsogolo pawo wopanda nsapato. Tikafika pa mtengo wa mango wa pafupi ndi tchalitchi ankandipukuta mapazi, n'kundiveka. Tikatuluka, pa mtengo womwewo ndinkavulanso.

Anamwalira ndili ndi pakati pa mwana wathu woyamba, masiku atayandikira. Kumudzi ndinapita, pa siwa ndinalira nawo, koma kumanda akuluakulu anandikaniza. Mayi woyembekezera sapita kumanda, anatero, ndipo ine ndinalibe mphamvu zotsutsana ndi munthu. Ndinatsala pakhonde ndikumva nyimbo zikutalikira mpaka zinasowa.

Sabata yomweyo m'mudzimo munagwanso maliro ena, a msuweni wa amayi. Tinkawatcha mayi a kudambo chifukwa nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi madimba. Awiriwa sankayankhulana. Anakangana pa malire a dimba ine ndili mwana, ndipo mlandu suola: akakumana pachitsime, wina ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame. Adzukulu, pothawa mizu ya mitengo, anakumba manda achiwiriwo pafupi penipeni ndi oyamba aja. Mitumbira iwiri inagona moyandikana, uliwonse ndi mtanda wake wachitsulo. Ndinamva kuti anthu pobwerera kumudzi ankanong'onezana kuti akayanjanira komweko.

Ine ndinatenga nthawi yaitali ndisanapondeko. Uchembere wanga unali wovuta, kenako amuna anga anawatumiza kukaphunzitsa kumpoto ndipo tinakhalitsa. Pamene tinabwerera ku Lilongwe, n'kupeza nyumba ku Area 4, ine n'kupeza ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina ku City Centre, mvula zambiri zinali zitagwa pa manda aja. Atsibweni anga ndi amene anandiperekeza ulendo woyamba. Tinapeza mitumbira iwiri ija, koma mtanda unatsala umodzi. Winawo anali atauzula anthu osaopa kanthu aja, otola zitsulo zokagulitsa pa sikelo. Wotsalawo unali utachita dzimbiri lokhalokha, chikwangwani chake chili chofiira, chotupa, osaoneka ngakhale chilembo chimodzi.

"Amayi ako ndi awa a mtandawa," anatero atsibweni, osakayika n'komwe. Ine ndinagwada pomwepo n'kulira kulira kumene ndinakusunga zaka zonse zija.

Kwathu mpingo umakalambula kumanda kamodzi pa chaka, nthawi yozizira udzu utauma. Kuyambira pamenepo sindinajombepo. Ndinkachokera m'tauni m'mawa, nditavala nsapato zanga za gogoda zakuofesi, poti munthu wa m'tauni safika kumudzi ngati wathawa nkhondo. Koma kumanda dothi ndi lofewa, zidendene zinkatitimira. Ndiye ndinkavula n'kuziika pa mtumbira wopanda mtanda uja, umene unali kumbuyo kwanga ndikagwada. Panali pouma bwino, pamthunzi, ndipo kunena zoona sindinkaona chifukwa chowapatsira ulemu mayi a kudambo.

Ndikamazula udzu ndinkayankhula ndi amayi chapansipansi. Ndinkawauza zonse. Za mwana uja sanamuone, za pakati pamene panachoka, za abwana ovuta, za chaka chimene ine ndi amuna anga tinatsala pang'ono kusiyana. Zinthu zimene sindinauzepo munthu wamoyo ndinazikhuthula pa mtanda wa dzimbiri uja.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa mtendere. Nthawi zonse ndikagwada pamenepo ndinkamva kuti kumbuyo kwanga kuli munthu. Si mantha ongodziopseza ayi. Ndi mmene umamvera mu minibasi kuti wina akukuyang'ana m'khosi, ukacheuka n'kupezadi maso ali pa iwe. Apa ndikacheuka panalibe munthu, koma mtumbira uja ndi nsapato zanga pamwamba pake. Anzanga a mpingo ankakhala chapatali, makasu awo akumveka. Ndinkadziuza kuti ndi mayi a kudambo akutchera khutu, paja anali a miseche, ndipo ndinkatsitsanso mawu. Ndikamaliza, potenga nsapato zija, ndinkazipeza zofunda. Kunja kuli chisanu, mitambo itaphimba, zili pamthunzi wa mtengo, koma m'kati mwake muli mofunda ngati wina wangozivula kumene. Ndinawauza amuna anga. Anati chikopa chakuda chimasunga kutentha kwa dzuwa. Ndinati dzuwa kunalibe. Anayamba kufotokoza za dothi ndi masamba oola, ine n'kunyamuka kukatsuka mbale.

Nkhani inadzavuta titaganiza zomanga chiliza. Uthenga unayenda, monga umayendera kumudzi, mpaka unakafika kwa mwana wamkazi wa mayi a kudambo. Ameneyu tinakulira limodzi ngakhale amayi athu ankatiletsa kusewera pamodzi. Anakwatiwa ndi munthu wa udindo, anakhala kunja kwa dziko nthawi yaitali, ndipo anali atangobwerera kumene n'kukhala ku Area 43. Tsiku lina ndili kuntchito foni inalira.

"Asisi, ndamva kuti mukufuna kumanga chiliza pa manda a amayi anga."

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa ukali. Ndinamuuza kuti ndibwera tikambirane maso ndi maso.

Ku Area 43 minibasi imakusiya kumsewu waukulu. Ndinayenda wapansi masana a Loweruka, m'misewu yopanda munthu, mipanda italiitali uku ndi uku, waya wa magetsi pamwamba pake akungoti tche, tche, tche. Agalu ankauwa osaoneka. Ndinafika thukuta lili kamukamu. Iye anandilandira bwino, anandipatsa madzi ozizira, n'kuyankhula mofatsa, zimene zinandipsetsa mtima kwambiri.

"Ine ndinalipo pa maliro onse awiri, asisi. Inu kumanda simunapite. Amayi anga ndi a kufupi ndi njira, a mtandawo. Amayi anu ali chakumtengo."

"Nanga zaka zonsezi munali kuti, ine ndikuzula udzu pamenepo?"

"Ndinali kutali. Zimenezo ndiye zikundipweteka. Koma kukhala kutali sikusuntha manda."

Tinapita kwa atsibweni tonse awiri. Anali atakalamba, maso atachita ng'ala. Anamva mbali zonse, anakanda mutu, n'kunena kuti, "Ana inu, tsiku limene lija kunali anthu ambiri. Ine ndimaona ngati a mtandawo ndi mlongo wanga. Komanso mwina." Mawu oti mwinawo anandilowa ngati minga. Adzukulu amene anakumba, ena anamwalira, ena ankanena zosiyana. Ndikanamanga chiliza pa manda olakwika, dzina la amayi likanakhala pamwamba pa mdani wawo mpaka kalekale, iwo eni ake atagona pambali m'tchire ngati munthu wopanda ana. Ndinasiya kudya bwino.

Apa ndi pamene aphunzitsi anadzuka. Anapita okha kumudzi, anakauyang'ana mtandawo, n'kubwera maso akuwala.

"Amayi, dzina lilipo pansi pa dzimbiri. Tikapala ndi sandipepa tifufuta zilembo. Koma magetsi amachotsa dzimbiri lokha, chitsulo osachikhudza. Ndi phunziro lomwe lija."

Atsibweni ndi akulu a mpingo sanavomere msanga. Chinthu cha kumanda sichichoka kumanda. Koma poona kuti mabanja awiri atsala pang'ono kuyambanso udani wa amayi awo, analola. Anapemphera, anazula mtandawo, pa dzenje pake n'kuzikapo chikhomo. Anatilamula zinthu ziwiri: usalowe m'nyumba, ndipo ukangowerengeka ubwerere.

Tinaukulunga m'thumba n'kuuika m'buti ya kagalimoto kathu. Njira yonse, tikadumpha kabampu, kumbuyo kunkamveka go, go, ngati munthu akugogoda kuti timutsegulire. Ngakhale aphunzitsi sanafotokoze kanthu, anangokweza wailesi.

Kuseri kwa nyumba yathu ku Area 4 kunali mtengo wa mapeyala. Pansi pake amuna anga anaika ndowa yaikulu ya pulasitiki, anadzazamo madzi n'kusungunuliramo soda wochapira. Anabwereka chaja ya batire ya galimoto kwa makaniko wina ku Old Town, chingwe chake n'kuchidutsitsa pa windo la kukhitchini. Waya wofiira anapanira ku khasu lakutha n'kuliviika chakumbali. Mtandawo unali wautali kuposa ndowa, ndiye anauzondotsa: mutu ndi chikwangwani m'madzi, mwendo m'mwamba, dothi la kumanda likadali lomatirira kunsonga kwake. Waya wakuda anapanira pa mwendowo. Nditauona utazondoka choncho ndinayang'ana kumbali. Ndinafuna kunena kuti tisiye.

Anayatsa. Poyamba panalibe chimene chinachitika. Kenako tithovu ting'onoting'ono tinayamba kutuluka pa chitsulo chonse, kukwera mondondozana. Ndipo panali phokoso. Silinali lalikulu, umachita kuima chete kuti ulimve. Linkamveka ngati anthu awiri akunong'onezana m'chipinda china, mawu ake osamveka bwino koma osalekeza.

"Umenewo ndi mpweya ukutuluka m'madzi," anatero amuna anga. "Ukamatuluka umakankha dzimbiri. Khasu lija ndi limene lidyeke m'malo mwa mtanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi."

Anaphunzira miyambi yathu kuti azindigonjetsera nayo.

Ntchitoyo inatenga masiku. Ndikaweruka ku City Centre, ndisanalowe n'komwe m'nyumba, ndinkazungulira kuseri. Pamwamba pa madzi panayandama chithovu chofiira, chokhuthala, chonga cha pamalo ophera mbuzi. Khasu lija linayamba kunyenyeka m'mphepete. Nkhuku za aneba, zimene tsiku lililonse zinkadzapalasa pansi pa mtengowo, zinasiya kubwera. Mayi a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pa mpanda n'kufunsa kuti, "Kodi mukuphika chiyani chosapsa, anzathu?" Ndinawanamiza kuti aphunzitsi akukonzekera phunziro la ana. Anayang'ana mwendo wa mtanda uja uli m'mwamba ndi dothi lake, n'kubwerera osatsanzika. Kuyambira tsiku limenelo ana awo sankabweranso kudzatola mapeyala.

Loweruka masana magetsi anathima. Firiji inasiya kulira, wailesi ya aneba inaduka pakati pa nyimbo, dera lonse linangoti zii. Ndinali kukhitchini ndikusenda mbatata, windo lili lotsegula chifukwa cha chingwe chija. Ndipo ndinamva kunong'ona kuja kukupitirira. Ndinayang'ana chaja, kanyale kake kanali kozima. Ndinaika mpeni pansi n'kutuluka. Dzuwa linali pamutu, kunja kowala bwinobwino. Ndinafika pa ndowa, ndinawerama. Madzi anali bata. Kenako thovu limodzi lalikulu linakwera kuchokera pansi n'kuphulika pamaso panga penipeni, ngati munthu wapuma.

Ndinakuwa. Amuna anga anathamanga ndi buku m'manja, n'kunena kuti ndi mpweya umene unatsekeredwa pansi pa dzimbiri, ukutuluka pang'onopang'ono. Mwina zinalidi choncho. Ine mbatata zija sindinazimalize.

Magetsi atabwera anayatsanso, ndipo m'mawa mwake tisanapite kutchalitchi ndinaona chinthu chachilendo. Pakati pa chithovu chofiira chija panali tizinthu toyera tikuyandama, tonga mamba a nsomba. Ndinatola kamodzi ndi kamtengo n'kukaika pa chala. Kanali kopyapyala, kopindika pang'ono, ndipo nditakafinya kananyenyeka.

"Bambo, toyerati n'chiyani?"

Anawerama, anayang'ana. Kwa nthawi yoyamba chikwatiraneni, amuna anga anafunsidwa funso la sayansi n'kukhala chete. Nkhope yawo inasintha ndikuona.

"Yayi," anatero chapansipansi, m'chiyankhulo cha kwawo. Anathamangira kukhitchini n'kukazula chingwe.

Kwawo kumpotoko, m'mudzi mwawo, dzina la pa mtanda amachita kulikhoma ndi tchizulo, chilembo chilichonse n'kulowa m'chitsulo. Iwo anakula akuona mitanda yotero, ndipo sanaganize zofunsa. Kwathu amene anapanga mitanda ija ndi munthu wowotcherera njinga pa msika wa pafupi, mayina n'kungolemba ndi penti woyera. Penti ameneyo, kapena kuti zotsalira zake, anali akadali m'kati mwa dzimbiri lija. Ndipo tithovu tija sitisankha. Tinakankha dzimbiri, tinakankhanso penti. Toyera tija tinali dzina.

Anautulutsa mtandawo uli bii ndi matope akuda, anautsuka pa mpopi. Chikwangwani chinatuluka chopanda dzimbiri n'pang'ono pomwe, chotuwa, chokumbikakumbika, chopanda kanthu. Anachitembenuza uku ndi uku. Panalibe kanthu.

Ndinakwiya kukwiya kumene sindinakwiyepo. Ndinawauza kuti dzinalo linapirira mvula zonse zija, linapirira akuba, koma lalephera kupirira nzeru zawo. Ndinawauza kuti akafotokoze okha kwa atsibweni, poti kufotokoza ndiye amatha. Ndinanena zambiri. Anakhala pa sitepe ya khonde, manja akuda ali pa mawondo, taye ya kutchalitchi itanyowa. Tsiku limenelo palibe anapita kukapemphera.

Chakumadzulo, dzuwa litapendeka, amuna anga anabwera pa khomo la kuchipinda n'kunena mosayang'ana kumaso kuti chitsulo chotsukidwa chotere chimagwiranso dzimbiri msanga, chifunika kupaka mafuta. Anati iwo sangathenso kuchigwira. Ndinafuna kuwayankha kuti chichite dzimbiri, chatsalanso n'chiyani. Koma ndinaganiza kuti kaya ndi wa ndani, mtandawo ndi wa munthu, sungabwerere kumanda uli wonyozeka. Ndinatenga mafuta ophikira ndi kansanza n'kupita kuseri.

Unali utatsamira pa mpanda, tsopano mutu uli m'mwamba. Ndinakhala pa njerwa n'kuugoneka pa miyendo panga. Ndinathira mafuta pa chikwangwani n'kuyamba kupaka. Kansanza kankakodwa m'timaenje ta chitsulocho, ndiye ndinakataya n'kumapaka ndi dzanja. Ponseponse panali pokhakhala ngati mwala wotsukira mapazi. Koma pakatikati chala changa chinatsetsereka pa malo osalala. Ndinabwereza. Kanali kamzere kosalala, kopapatiza, kotsika pansi kenako n'kukhota. Pambali pake panali kena.

Ndinanyamula mtandawo n'kuupendeketsa kuti dzuwa, limene linali litatsika mpaka pamwamba pa mpanda, liwombe chikwangwanicho cham'mbali. Zilembo zinatuluka. Sizinali zoyera, sizinali zakuda. Zinkangonyezimira pang'ono ndi mafuta aja, zitatukuka pang'ono kwambiri pamwamba pa chitsulo chodyekacho. Ukachiwongola zinkasowa, ukachipendeketsa zinkabwera. Pamene panali penti, dzimbiri linachedwa kuluma, ndipo chitsulo chinasunga mthunzi wa dzinalo.

Ndinawerenga ndi maso, ndinawerenganso ndi chala kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Dzinalo silinali la amayi anga. Linali la mayi a kudambo.

Sindikudziwa kuti ndinakhala pa njerwapo nthawi yaitali bwanji. Ndowa ija inali pomwepo, madzi ake ofiira ali duu, kunong'ona kutatheratu. Ndinaganiza za zinsinsi zonse zimene ndinakhuthulira munthu amene amayi sankamupatsa ngakhale moni. Kenako ndinaganiza za kumbuyo kwanga. Chaka ndi chaka ndinkagwada nditafulatira mtumbira uja, n'kumatsitsa mawu kuti amene ali mmenemo asamve.

Amuna anga anandipeza ndili choncho. Ndinawapendeketsera chikwangwanicho. Anaona, anatsegula pakamwa, ndinaona kufotokoza kukubwera, koma anakumeza. Anangokhala pansi pafupi nane, pa dothi, ndi buluku la kutchalitchi.

Ndinaimba foni ku Area 43. Anabwera dzuwa lisanalowe, akuyendetsa yekha. Sanafune mpando. Anagwada pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinamugwira dzanja n'kuyendetsa chala chake pa zilembo zija. Atafika pakati pa dzinalo anayamba kulira, ndipo ine, amene ndinakonzeka kudana naye moyo wanga wonse, ndinalira naye limodzi.

Atapukuta misozi anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi mumawazulira udzu amayi anga, asisi."

"Ndi kuwauza nkhani zanga zonse."

"Zonse?"

"Zonse."

Anaseka misozi ili m'maso. "Musadandaule. Amayi anga aja sankasunga nkhani. Mukangochoka ankawauza anzawo a pambaliwo."

Tinaubweza mtandawo m'sabata yomweyo, m'mawa kukuzizira. Ulendo uno m'buti simunamveke kugogoda, poti asisi a ku 43 anaukulunga m'bulangete n'kuunyamula pa miyendo. Atsibweni anatsogola ndi ndodo yawo, mkulu wa mpingo anapemphera, anazula chikhomo chija n'kuzikanso mtanda pamalo pake. Ine ndinali nditavula kale nsapato polowa, poti zidendene zinayamba kutitimira, ndipo ndinali nazo m'manja.

Anthu atayamba kubwerera kunjira, ndinatembenuka. Aka kanali koyamba kuuyang'ana mtumbira uja ndi maso onse. Unali utaphwa, utatsala pang'ono kufanana ndi nthaka, udzu wouma uli m'mbali. Palibe anauzulirapo udzu mwachikondi, anthu a mpingo ankangodutsapo ndi khasu. Chakumutu kwake panali kamalo kosalala, kopanda udzu, kokwana nsapato ziwiri.

Ndinaima pamenepo ngati mwana wofika mochedwa. Mawu onse amene ndinkayankhula mosavuta pa mtanda uja anandithawa. Ndinangoti, "Amayi, ndine." Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna poika nsapato kuti ndigwade, ndipo malo ena onse anaoneka achilendo. Ndinakumbukira njira ya kutchalitchi, ine patsogolo wopanda nsapato, osacheuka, iwo m'mbuyo mwanga ndi kamtolo m'khwapa. Pa mtengo wa mango paja, akamandiveka, nsapatozo zinkakhala zofunda ndi thupi lawo.

Ndinaziika pa kamalo komwe kaja, n'kugwada, n'kuyamba kuzula udzu. Ulendo uno kumbuyo kwanga kunalibe munthu.

Nditamaliza, amuna anga anabwera kudzandithandiza kudzuka. Anawerama kuti anditengere nsapato. Anazinyamula, anaima nazo kanthawi, analowetsa dzanja m'kati mwa imodzi. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha, mphepo ya chisanu ikuwomba m'mitengo. Anandiyang'ana, n'kundipatsa nsapatozo ndi manja awiri.